Hilux ya malemu bambo: utsi ndi kukana kulira m'mawa, pomwe ndafika

Loweruka, sabata yoyamba ya Juni

Ndayamba kulemba izi chifukwa mutu wadzaza ndi malangizo, aliyense akunena zake, nde ndati bola ndizilemba chomwe ndagwira ndi chomwe ndapeza kuti ndisamangozungulira malo amodzi. Galimoto yake ndi Hilux ya 1995, injini ya 3L, ija ya 2.8 yopanda turbo. Anandisiyira ndi malemu bambo. Makilomita ikuwerenga 412,000 ndipo chiigulire hedi, chivindikiro chachitsulo cha pamwamba pa masilinda, sinatsegulidwepo.

Ndi imene imatidyetsa pakhomo pano. Ndimatenga tomato ku Domboshava, pena ku Mutoko, kukatsitsa ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, ndipo amene amadziwa msika umenewu akudziwa kuti ukafika dzuwa litatuluka mtengo wagwa kale ndipo alimi sakuitananso. Ndimayenera kunyamuka kuno ku Mabvuku cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Chiyambire kuzizira kwa chaka chino galimoto ikukana. Sitata imazungulira, kuzungulira, mpaka batire kufooka, ikati yagwira imanjenjemera ngati ikuyenda ndi masilinda atatu ndipo kumbuyo kumatuluka utsi woyera wambiri woti bwalo lonse limadzaza, anzathu oyandikana nawo mpaka kutseka mawindo. Ikatentha woyerawo umatha, koma pokwera chitunda itasenza katundu imalavula wakuda.

Anthu atatu andiuza kale kuti injini yatha, ndiitsitse. Alamu anga anandibweretsera kachitini ka sipuleyi yolizira ija, ndinagwiritsa ntchito masiku awiri ndipo kulira kwake kunandiopsa, imagogoda ngati wina akumenya ndi hamala mkati. Ndasiya. Sipuleyi imeneyi imayaka msanga pisitoni isanafike pamwamba, komanso ikakumana ndi hita yotentha (kapulagi kotenthetsa injini ya dizilo poiliza) ndi zoopsa, imatha kuthyola maring'i. Alamu ndawathokoza koma kachitiniko ndawabwezera.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi ndinapita ku Gazaland, ku Highfield, kwa madala ena ake amene ankakonzera bambo galimotoyi. Kwawo ndi ku Ntcheu koma anabwera kuno ali mnyamata, pano manja akunjenjemera sagwiranso kwambiri sipanala koma khutu lawo likadali lakuthwa. Ndinawafotokozera zonse. Sanathamangire kuyankha, anangondifunsa kuti, "Mwana wanga, utsi woyerawo unaununkhiza?"

Ndinati ayi.

Anati ndikaime kumbuyo kwa ekizozi mawa m'mawa. Ukamanunkha dizilo ndi kuwawa m'maso, ndiye kuti ndi dizilo amene walowa mu silinda koma sanapse. Ukamanunkha motsekemera, osatha ngakhale injini itatentha, komanso madzi akuchepa mu rediyeta, pamenepo ndi gasiketi kapena hedi yang'aluka. Wabuluu ndi oyilo. Wakuda ndi dizilo wochuluka kuposa mpweya. Kenako anandiuza kuti ndiyambire zotchipa, zodula zibwere kumapeto, ndipo ndisalole munthu kumasula hedi tisanayeze kompuresheni, mphamvu yomwe silinda ikupanikizira mpweya.

Lolemba

Ndaununkhiza. Ndi dizilo weniweni, misozi mpaka kutuluka. Madzi mu rediyeta ali pomwe ndinawasiya sabata yatha, pa chivindikiro cha oyilo palibe zoyera zija zonga mkaka, ndipo nditatsegula rediyeta injini ili yozizira n'kuiliza sindinaone thovu. Mtima watsikako pang'ono.

Ndayamba ndi magetsi. Batire itagona usiku ikuwerenga 12.5, si zoipa. Koma mnyamata wanga atatembenuza kiyi ine nditagwira mita inatsika kufika pa 9 ndi kakanthu ndipo sitata imamveka yolemera. Nditatsatira waya wa ethi kuchoka pa batire kupita pa injini ndinapeza pomangira pake pachita zobiriwira, nati yake ndimatha kuitembenuza ndi zala. Ndapala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, ndasintha mutu wa waya, ndamanga. Sitata tsopano ikuthamanga bwino. Pa dizilo liwiro limeneli ndi lofunika chifukwa mulibe mapulagi a moto, dizilo amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa basi, nde injini ikamazungulira mwaulesi kutenthako kumathawira m'zitsulo zozizira.

Koma kulira sinalire msanga. Kanayi ndithu.

Lachitatu

Lero mahita. Apa ndikhalitsapo chifukwa ndaphunzira zambiri.

Chinthu chomwe chimandinamiza nthawi yonseyi ndi kagetsi ka pa dashibodi. Kamayaka, n'kuzima, ine n'kumati mahita ali bwino. Kagetsi kameneka sikadziwa ngati hita ili moyo kapena yafa. Injini ya 3L dizilo wake sapopeledwa pa pisitoni mwachindunji, amalowa kaye m'kachipinda kakang'ono mu hedi momwe muli nsonga ya hita, ndipo kachipindako kakazizira popanda hita kulira kumavuta zedi. M'chilimwe mahita awiri okha amatha kukubisira vuto, koma Juni wa Harare sabisa kanthu, tili pamwamba pafupifupi mamita 1,500 ndipo m'bandakucha chitsulo chimaluma m'manja.

Ndinayamba kuona ngati magetsi akufika pa kachitsulo kaja kolumikiza mahita onse anayi. Akufika, relay, kaswichi kopereka magetsi ku mahita, ikumveka kuti tha. Ndiye ndinachotsa kachitsuloko kuti ndiyeze hita iliyonse payokha, chifukwa zikakhala zolumikizana mita imakuwerengera yabwino ija n'kubisa yakufa. Hita yamoyo imawerenga pafupi ndi ohm imodzi. Nambala 1 bwino. Nambala 4 bwino. Nambala 2 ndi 3 mita sinagwedezeke n'komwe.

Kumasula kwake ndi kumene kunanditengera tsiku. Madala anandichenjeza kuti hita ikathyokera mkati ndiye kuti hedi ituluka ndithu, nde ndinathira mafuta ofewetsa dzimbiri dzulo madzulo, lero n'kuiliza kaye galimoto kuti itenthe. Zitatu zinatuluka mosavuta. Ya nambala 3 inamasuka ulusi wonse koma kukana kutuluka, nsonga yatupa mkati. Ndinakhala pafupifupi ola lathunthu ndikuipotoza pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, kuthira mafuta, kukoka ndi pulayala mofatsa, mtima uli m'mwamba. Itatuluka nsonga yake inali yakuda, yotupa ngati mutu wa machesi wopsa, mbali imodzi yodyeka. Ndinaijambula n'kutumizira madala. Anandiimbira pompo n'kunena kuti hita siidyeka choncho payokha, nozulo ya silinda imeneyo, nsonga ya injekita yopopera dizilo, ikudontha ndipo ikuiwotcha, ndisaiwale zimenezi.

Lachinayi

Ndinapita ku Kaguvi Street kukagula mahita. Shopu yoyamba mnyamata anangomva kuti Hilux n'kunditulutsira paketi, ulusi wofanana, kutalika kofanana. Mwayi ndinatenga yakale m'thumba. Pambali pa yanga palembedwa 11V, pa yake 6V. Ma injini a L amenewa anatuluka ndi mahita a mavoteji osiyana malinga ndi mawaya a galimotoyo, ukaika ya 6V pomwe pamafunika 11V imapsa posachedwa. Iye amati zonse ndi chimodzimodzi. Sindinakangane naye, ndinangopita shopu ina n'kupeza zoyenera. Amene mukukagula, tengani yakale, muwerenge nokha zomwe zalembedwapo.

Ndasintha zonse zinayi ngakhale ziwiri zinali zamoyo, zakalezo ndasunga m'bokosi.

Lachisanu, 3 koloko m'mawa

Yagwira kamodzi! Ndinasangalala koma chisangalalo chake cha masekondi asanu, inalira bwinobwino kenako n'kutsamwa, n'kuzima. Kuti igwirenso ndinapukusa nthawi yaitali ngati kale. Ulendo wa ku Domboshava ndinapita mochedwa, mayi amene ndimawanyamulira tomato anali atapeza kale galimoto ina. Zinandipweteka chifukwa akhala kasitomala wathu kuyambira nthawi ya bambo.

Loweruka

Ndakhala ndikuganiza usiku wonse. Kulira kenako n'kuzima ndiye kuti yapsereza dizilo amene anali mu pampu, wotsatira sanafike, m'malo mwake mwabwera mpweya. Ndinakumbukiranso kuti masiku omwe ndimaiimika mutu utaloza kumunsi, cha kugeti, imavutako pang'ono kusiyana ndi mutu ukaloza kumtunda. Ndiye kuti usiku dizilo akubwerera ku thanki.

Pamwamba pa fyuluta ya dizilo pali kapampu kodina ndi dzanja. Kakakhala bwino ukadina kangapo kamalimba. Kanga ndinadina kokwana 30 kali wefuwefu. Ndinagula paipi yoonekera mkati, theka la mita, n'kuilumikiza pakati pa fyuluta ndi pampu ya injini, n'kuliza. Abale, thovu lake. Timathovu ting'onoting'ono tikungotsatana ngati mikanda, ndipo nditazimitsa ndinaona ndi maso anga dizilo akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, paipi n'kutsala mpweya wokhawokha. Chovuta ndi mbali imeneyi n'chakuti siidontha kunja, pampu imachita kuyamwa dizilo kuchokera ku thanki, nde pomwe pali mng'alu pamalowa mpweya m'malo motuluka mafuta, pansi pa galimoto pouma bwinobwino iwe n'kumati zonse zili bwino.

Kuti ndidziwe mbali yolakwa ndinaika paipi yoonekerayo fyuluta isanafike. Kumeneko kulibe thovu. Ndiye wolakwa ndi mutu wa fyuluta, labala ya mkati mwa kapampu kaja yatha. Ndagula mutu wina ndi fyuluta yatsopano, ndasinthanso mapaipi awiri a labala omwe anauma ngati chikuni, ndi makilampu ake.

Fyuluta yakale nditaikhuthulira m'botolo la galasi pansi panakhala madzi okwana chala chimodzi chopingasa, ndi zinyalala zofiirira. Ndikudziwa komwe zachokera. Nthawi zija mafuta ankasowa ndinkagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, komanso thanki ndimaiyendetsa ili pafupi kuuma, usiku wozizira mkati mumachita thukuta. Pansi pa fyuluta pali kokhetsera madzi ndipo kunena zoona chaka chathachi sindinakagwireko. Kuyambira pano ndizikhetsa mwezi uliwonse.

Lachiwiri, sabata yachitatu

Masiku atatu otsatizana ikulira kamodzi osazima. Utsi woyera wachepa kwambiri koma ulipo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo kunjenjemera kuja sikunatheretu.

Dzulo ndinapita ku Mutoko, msewu wa ku Nyamapanda womwe timadzera popita kumudzi. Pobwera ndili ndi mabokosi odzaza, pa zitunda ndimaona pagalasi utsi wakuda ukutsalira m'mbuyo, minibasi ina mpaka kundipitirira dalaivala akukupiza dzanja pamphuno. Fyuluta ya mpweya ndinaichotsa, inali yofiira ndi fumbi la kuminda, ndasintha. Zathandizako pang'ono. Injini yopanda turbo kuno kumtunda imapuma mpweya wochepa kale kusiyana ndi kunyanja, nde fyuluta ikatsekekanso utsi wakuda suchedwa. Koma si fyuluta yokha, pali kugogoda kwina kouma komwe kumamveka ikakhala pa aidulo, ikungolira osaponda mafuta.

Madzulo ndinayesa njira yomwe madala anandiphunzitsa. Injini ikulira, umamasula pang'ono nati ya paipi yachitsulo pa injekita imodzi, silinda imeneyo imasiya kugwira ntchito ndipo kulira kumasintha. Ndinaphimba ndi chisanza komanso mnyamata wanga ndinamuuza aime patali, dizilo wa mmenemu amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu, si zoseweretsa. Nambala 1 injini inagwa. Nambala 2 inagwa. Nambala 4 chimodzimodzi. Nambala 3 inangosintha pang'ono, ndipo kugogoda kuja kunatha nditangomasula, n'kubwerera nditamanga. Ndi silinda yomwe ija inadya hita.

Lachinayi

Tsiku lomwe ndimaliopa. Silinda yofooka itha kukhala nozulo, koma ithanso kukhala maring'i kapena valavu, ndipo zikakhala zimenezo ndiye kuti anthu aja amanena zoona. Madala anabwereka geji ya kompuresheni ya dizilo kwa mnzawo, ya petulo siingathe, singano yake imathera panjira. Tinatenthetsa injini, kuchotsa mahita onse, kuchotsa waya wa solenoid, kotsegula ndi kutseka dizilo pa pampu, kuti dizilo asapite, n'kuyeza kudzera pa mabowo a mahita.

Buku la injini imeneyi limati yabwino ikhale 32 kg/cm² kapena kuposa, yotsikitsitsa yololedwa ndi 20, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 5. Ine ndinali pa kiyi, madala pa geji, akutchula manambala mnyamata wanga akulemba pa katoni. Nambala 1, 29. Nambala 2, 28. Titafika pa 3 ndinatseka maso ndikupukusa. Ndinangomva, "26." Nambala 4, 28.

Madala anapukuta manja n'kunena kuti, "Injini iyi yakalamba koma sinafe. Bambo ako ankasintha oyilo pa nthawi yake, ndi zimene ukuonazi." Sindinayankhe, kukhosi kunandigwira. Ndinakumbukira kabuku kawo kofiira komwe ankalembamo makilomita nthawi iliyonse akathira oyilo, kakadali mu kabati ya pa dashibodi mpaka lero.

Ndalama zomwe mayi a kunyumba anali atayamba kale kufunsa ku gulu lawo la chipereganyu kuti titsitsire injini, ndawauza kuti asatenge.

Lolemba, sabata yachinayi

Ma injekita onse anayi ndinawachotsa Loweruka, ndinalemba manambala ndi penti, mabowo n'kutseka ndi nsalu zoyera. Lero ndawapititsa kwa okonza mapampu a dizilo ku Southerton. Ndinapempha kuti ndione nawo poyeza ndipo mkulu wake anavomera.

Makina ake ndi osavuta, chogwirira chopopa ndi dzanja, geji, ndi galasi lotchinga. Injekita yabwino imagwira mpaka mphamvu itakwana, kenako imatsegula mwadzidzidzi ndi kaphokoso kakuthwa, dizilo n'kutuluka ngati nkhungu, ikatseka nsonga youma. Za 3L zogwirapo kale ntchito zimayenera kutsegula pakati pa 145 ndi 155 kg/cm². Zanga ziwiri zinatsegula cha m'ma 130, imodzi 125. Ya nambala 3 sinadikire n'komwe, geji isanafike 110 inayamba kudontha, kenako kutulutsa mzere wa dizilo wokhota ngati madzi a pa paipi yoboola, osati nkhungu. Dizilo wotere sasakanikirana ndi mpweya, kukazizira amatuluka osapsa ndiye utsi woyera uja, kukatentha amapsa mwatheka ndiye wakuda uja, ndipo madontho ake ndi omwe ankagwera pa hita. Nditaona zimenezi zonse zinalumikizana m'mutu mwanga.

Asintha manozulo onse anayi n'kutchera mphamvu ndi timashimu. Apa ndiye pomwe ndalipira ndalama zambiri chiyambire ntchitoyi, komabe sizikufika ngakhale pafupi ndi mtengo womwe anandiuza wotsitsira injini.

Lachiwiri

Ndabwezeretsa. Pansi pa injekita iliyonse pamakhala mawashala awiri, yamkuwa ndi ina yaing'ono yotchinga moto kunsonga, zonse zimafunika zatsopano ndipo yaing'onoyo ili ndi mbali yake yoyang'ana kumwamba. Yakale ya nambala 2 inakakamira pansi pa bowo, ndinaikoka ndi kawaya kopinda nditaunikira tochi ya foni. Ukaiwala n'kuika yatsopano pamwamba pa yakale imapumira.

Ndinalakwitsa chinthu chimodzi. Paipi yobweza dizilo yodutsa pamwamba pa ma injekita ndinabwezera ndi mawashala ake akale poti atsopano ndinaiwala kugula, nditaliza nambala 4 inayamba kunyowa. Ndinati ndimange kwambiri koma ndinadziletsa, kapaipi kameneka sikachedwa kupindika. Ndinakwera kombi kubwerera ku Kaguvi chifukwa cha timawashala tinayi, theka la tsiku linathera pamenepo. Pano pauma.

Lachisanu

Kugogoda kwatha. Aidulo yakhazikika moti galasi la pakhomo lasiya kunjenjemera. Ndinapita ku Mutoko dzulo ndi katundu wofanana ndi ulendo uja, pa zitunda zomwe zija utsi ndi wochepa woti uchite kuuyang'anitsitsa, ndipo pomwe ndinkatsika mpaka giya 2 ndadutsa ndi 3.

Pa ntchito yomweyi tasinthanso lamba wa taimingi, woyendetsa mavalavu ndi pampu mogwirizana ndi mapisitoni. M'kabuku ka bambo kusintha komaliza kunalembedwa pa 305,000, lamba ameneyu amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndiye ndinali nditapitirira kale. Pa injini iyi akaduka mapisitoni amamenya mavalavu. Titatsegula tinapeza ming'alu m'munsi mwa mano. Tasintha ndi tenshona yomwe, zizindikiro za pa kiranki, pa kamu ndi pa pampu zonse zagwirizana. Pampu yeniyeniyo sitinaigwire, madala akana, akuti chinthu chomwe sichinalakwe usachisokoneze, makamaka sikuluwu ya mafuta ija anyamata amakonda kupotoza kuti galimoto ikhale ndi mphamvu.

Lamulungu, sabata yoyamba ya Julayi

Chatsala ndi ichi. Utsi woyera utachoka ndayamba kuona kena komwe kamabisala kumbuyo kwake, kautsi kabuluu pang'ono ikangolira m'mawa, masekondi khumi kenako kutha. Kamabweranso ndikaima nthawi yaitali pamzere wolowera ku Mbare injini ikulira, ndikaponda kamatuluka kamodzi. Fungo lake ndi la oyilo.

Ndikuganizira masilu a mavalavu, labala yazaka 30 iyenera kuti yauma ndipo usiku oyilo amatsetserekera pansi. Athanso kukhala maring'i a oyilo, kompuresheni siinena zambiri za amenewo. Ndinamasula chivindikiro cha oyilo injini ikulira n'kungochikhazika pabowo, chikuvina pang'ono koma sichikuuluka, mpweya wotuluka ulipo koma si wambiri. Nambala 3 ija yotsikirapo ndikufunanso tiyeze mpata wa mavalavu ake, pa 3L amatchera ndi mashimu, injini ili yozizira olowetsa mpweya akhale 0.20 mpaka 0.30 mm, otulutsa utsi 0.40 mpaka 0.50. Valavu ikathina siitseka bwino ndipo kompuresheni imatsika. Madala akuti tichite Loweruka likubwerali akabwera kumaliro ku Mufakose.

Oyilo ndathira watsopano dzulo ndi fyuluta yake, chifukwa nozulo yodontha ija iyenera kuti inatsitsira dizilo mu sampu, mokhala oyilo pansi pa injini, wakaleyo anali wopyapyala ndipo amanunkha. Ndadzaza mpaka pa mzere wa pamwamba galimoto ili pamalo osatsetsereka, makilomita 413,870, ndalemba m'kabuku kofiira kaja pansi pa dzanja la bambo. Ndiyendetsa makilomita 1,000 osawonjezera, ndione kuti watsika bwanji, pamenepo m'pomwe tidziwe ngati masilu akufunika chaka chino kapena adikire mvula ikadzayamba ntchito ya tomato itachepa.

Mayi a ku Domboshava aja andiimbira madzulo ano, akuti mabokosi 40 mawa, ndifike 4 koloko isanakwane. Galimoto ndaiimika dala mutu utaloza kumtunda kuti ndione ngati dizilo abwererenso.